Alamu Anga a Lenah ndi Mphaka wa Mphumu

Alamu anga a Lenah anali munthu wabwino, ndipo amene anganene zina adzakumane nane. Koma liuma, mayo ine! Anthu amakani ndawaona ambiri, inenso ena amati ndine wamakani, koma a Lenah anali ndi makani aulemu, aja oti munthu akukumwetulira, akugwedeza mutu, akuti "mwanenadi zoona," kenako n'kukachita zomwe anakonza kale mumtima mwake. Munthu wotere ungakangane naye bwanji? Umangotsala ukubwadamuka wekha ngati ketulo, iye ali phee akusoka.

Ine ndine Flossie. Amuna awo a alamuwo, malemu a Vitus, anali achimwene anga enieni, bere limodzi. Anabwera ku Nairobi mu 1972 kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la mayiko ambiri ku Upper Hill. Patapita zaka zingapo anandiitanitsa, n'kundipezera malo olumikiza matelefoni mu ofesi momwemo. Ndiye moyo wa alamuwo ndinauonera pafupi, sindikunena zongomva.

Kwathu a Lenah anali namwino. Anaphunzira pa chipatala cha mishoni, ndipo anagwira zaka zambiri mu wodi ya amuna. Ku Kenya anawazunguza ndi mapepala awo, lero bwerani mawa, mawa bwerani mkuja, mpaka anatopa n'kugula makina osokera. Ankasoka makatani, madiresi a ana ndi mayunifolomu a amayi a kutchalitchi. Koma unamwino suchoka m'manja mwa munthu. Amalawi tonse a mu Nairobi, kuyambira mabwana a ku Karen mpaka ana asukulu a ku yunivesite, mwana akatentha thupi kapena wina akapsa ndi madzi, mawu anali amodzi: tiyeni kwa a Lenah. Ndipo ankathandizadi, zimenezo sindingawabere.

Pamwamba pa kabati pankakhala chitini chachikulu cha mabisiketi. Munalibe bisiketi ndi imodzi yomwe. Munali mapiritsi otsala a munthu amene anachira, timabotolo ta munthu amene anabwerera kumudzi, ngakhale mafuta opaka a munthu amene tinamuika kale m'manda. Ndikati, "Alamu, izi zinatha mphamvu kalekale, tiyeni titaye," ankandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mankhwala satayidwa, a Flossie. Tsiku lina adzapulumutsa munthu."

Kunena zoona si iwo okha. Tonsefe tinakulira kumene chipatala chinali kutali, kumene piritsi limodzi ankalidula pakati kuti akwanire anthu awiri. Kungoti enafe tinasiya, iwo sanasiye.

Achimwene anali ndi chifuwa choipa. Ali mnyamata anagwirapo m'mashedi a fodya ku Limbe, ndipo fumbi la kumeneko linawatsatira mpaka ku Kenya. Makhololo awo anali olimba, okakamira, oti munthu atsokomole mpaka misozi koma osatuluka. Dokotala wina wa mumzinda anawalembera makina opumira: kabokosi ka magetsi kolira drrrr, kokhala ndi kapaipi ndi kachikho ka pulasitiki kovindikira mphuno ndi pakamwa. Mumathiramo mankhwala a m'timabotolo ting'onoting'ono, makinawo n'kuwasandutsa nkhungu, munthu n'kumapuma nkhunguyo. Ntchito yake inali kusungunula makhololo kuti atuluke mosavuta. Koma fungo lake, abale anga! Mazira owola enieni. Nyumba yonse, makatani, ngakhale buledi, zonse zinkanunkha.

Komatu ankagwira ntchito. Akamaliza kupuma, achimwene ankatsokomola kamodzi kawiri, zonse pansi, kenako n'kumamveka akuimba kubafa. A Lenah ankatsuka kachikho kaja ndi madzi owiritsa, n'kupukuta makinawo ndi kansalu kakekake. Pa mankhwala onse amene anadutsa m'manja mwawo, palibe amene ankawakhulupirira ngati amenewo, chifukwa anawaona ndi maso akubweza mpweya m'chifuwa cha mwamuna wawo.

Mphaka anabwera mu 1978. M'mawa wina wozizira wa mu Julaye achimwene akufuna kuliza galimoto anamva kulira kutsogolo. Atatsekula boneti anapeza kamwana ka mphaka kotuwa, kamafuta thupi lonse, katadzipanikiza pafupi ndi injini kufuna kutentha. Dzina linapezekera pomwepo: Boneti. Ine ndinawauza poyera kuti kwathu mphaka ndi wogwira makoswe, amagona kukhitchini, ndipo sapatsidwa dzina ngati mwana wobatizidwa. Ndani anandimvera? Boneti anali ndi mpando wake pabalaza, mbale yake, ndipo achimwene, munthu wosayankhulayankhula, ankamufotokozera nkhani za ku ofesi m'Chichewa. Anthu awiriwa Mulungu sanawapatse mwana, ndiye pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kutseka pakamwa panga.

Chinthu chimodzi chokha ankakanganira. Nthawi iliyonse achimwene asanayatse makina aja, ankanyamula Boneti, kumuika pakhonde n'kutseka chitseko. Mphaka ankalira, kukanda chitseko, a Lenah n'kumadandaula: "Nkhanza zanji zimenezi, a Vitus? Kunja kukuzizira chonchi, walakwanji mwanayu?" Achimwene ankangoti, "Akhale kaye konko," n'kuvala kachikho kawo. Kufotokoza zambiri sikunali khalidwe lawo.

Anamwalira mu 1982, ndipo tinawaika kumanda a ku Lang'ata monga anapempha okha. Nyumba inali ya bungwe, inayenera kubwezedwa. Ine ndinawachonderera alamu kuti abwerere kumudzi, kuli abale awo. Anandimwetulira. "Mwanenadi zoona, a Flossie." Mwezi wotsatira ndinangomva kuti apeza zipinda ziwiri m'mphepete mwa Kangemi, chakufupi ndi msewu wa Waiyaki. Ndinati bwerani tizikhala limodzi ku fulati yanga. Anati makina osokera adzandisokosera. Anasamuka ndi makina osokerawo, chitini cha mabisiketi, makina opumira a malemu ndi timabotolo totsala, ndi Boneti m'dengu.

Ana a ku Kangemi anawatcha Mama Paka, kutanthauza mayi wa mphaka m'Chiswahili. Kutchalitchi mayi wina, Mmalawi mnzathu, anayamba kunong'ona zoti mayi wamasiye wogona ndi mphaka pabedi n'ngofunika kumuyang'anitsitsa. Ameneyo ndinamuyankha ine, ndipo Lamulungu lotsatira anasintha benchi. Chifukwa ine ndinkadziwa chomwe mphakayo anali. M'nyumba imeneyo munatsala zamoyo ziwiri zokha, alamu ndi Boneti. Ndi iye yekha amene ankawadikira pakhomo, ndi iye yekha amene ankamuuza kuti "a Vitus akanakhalapo akanaseka." Mphakayo akanachoka, alamu akanatsala ndi makoma.

Chifuwa cha Boneti chinayamba nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Kuzizira kwa ku Kangemi kumalowa m'mafupa, ndipo alamu ankachita zomwe aliyense kumeneko ankachita: mbaula m'nyumba, ija Akenya amati jiko, mawindo otseka, koyilo ya udzudzu pakona, simbi yamakala yositira makatani pathebulo. Boneti anayamba kunyonyomala pansi, khosi atalitambasula kutsogolo, kutsokomola ngati akufuna kusanza koma osatuluka kanthu. Akamaliza, m'chifuwa munkamveka kakhweru kakang'ono. Tsiku lina ndinawapeza alamu atagwada, khutu ali nalo pa nthiti za mphaka.

"Makhololo," anatero akudzuka. "Ndendende a Vitus."

Poyamba anayesa zakwathu: madzi otentha a masamba a bulugamu, bulangete pamwamba, iwo ndi mphaka mkati. Boneti anatuluka ngati mpaliro, n'kuwasiyira mizere itatu pamkono. Apo m'pamene ndinati zakwana, tiyeni kwa dokotala wa ziweto. Anakana, anakana, kenako anavomera chifukwa ndinakhala pampando n'kunena kuti sindichoka.

Tinamuika mu kiondo, dengu lija la chingwe la amayi a ku Kenya, n'kukwera minibasi, ija amati matatu, mpaka cha ku Kabete. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono thupi, dzina lake Gathoni, wovala majombo. Anamumvetsera Boneti nthawi yaitali, kumufinya pakhosi pang'ono mpaka anatsokomola, kufunsa za m'nyumba: mumaphikira chiyani, mumafukiza chiyani, amagona pati. Kenako anati ndi mphumu. Ine ndinaseka. Mphaka, mphumu? Iye sanaseke. Anati timapaipi ta mpweya m'mapapo mwa mphaka n'tating'ono kwambiri, ndipo ta Boneti tatupa mkati, komanso tikakhudzidwa ndi utsi, fumbi kapena fungo lamphamvu timafinyika tokha, mpweya n'kumasowa podutsa. Anatipatsa timapiritsi toyera tochotsa kutupako. Anati mbaula ituluke panja, koyilo isiyidwe, ndipo anabwereza kawiri kuti asamupumitse chilichonse, kaya nthunzi ya masamba, kaya mankhwala a anthu.

"Nanga makhololowo?" anafunsa alamu. "Ine ndikuwamva. Ndinali namwino."

"Alimodi, mama," anayankha dokotala. "Koma kutupa kukachepa nawonso achepa. Tiyambe tatsekula njira."

Alamu anamwetulira. "Mwanenadi zoona, dokotala. Asante sana."

Nditangomva mawu amenewo ndinadziwa kuti tataya tsiku. Tisanafike n'komwe pa siteji anali atayamba kale: kamtsikana kaja ndi kaulemu, koma iwo anayamba kumvetsera zifuwa iko kasanabadwe, ungasiye bwanji makhololo m'chifuwa n'kumati achoka okha, timapiritsi totere n'tongotonthoza mwini chiweto. Ndinawauza kuti iwo anamvetsera zifuwa za anthu, osati za amphaka. Anati chifuwa ndi chifuwa.

Sindikufuna kuwanamizira. Mapiritsi ankamupatsa, ngakhale Boneti ankawabisa m'tsaya n'kukawalavula kuseri kwa kabati. Za mbaula ndiye zinali zovutadi. Ndinawabweretsera kasitovu kanga ka magetsi, mwini nyumba atangokaona anakalipa kuti waya wake ndi wa nyale ndi wailesi basi. "Ndiye ndiphikire pa chiyani, a Flossie, pa dzuwa?" Ndinati phikirani panja. Anati panja pali mphepo, ndipo anthu aziona chomwe akuphika. Mbaula inachoka pakati pa chipinda n'kupita pafupi ndi windo. Windo lake lotseka! Ndinkabwerera ku Upper Hill mutu ukuwawa, n'kumayankhula ndekha mu matatu ngati wamisala.

Boneti ankapeza bwino masiku ena, masiku ena ayi. Ndiye tsiku lina ndinaona makina a malemu ali pathebulo, atapukutidwa mpaka kuwala, timabotolo titandandalikidwa pambali. Ndinafunsa kuti atulukiranji. Anati akungowachotsa fumbi.

"Alamu, dokotala anati chiyani?"

"Anati asapume utsi. Uwu si utsi, ndi mankhwala."

"Anati ngakhale mankhwala a anthu! Ndinalipo, makutu anga ndi awa!"

"Musakweze mawu, a Flossie, mumuopsa mwanayu. Mwanenadi zoona. Ndiwabweza m'kabati."

Anawabwezadi ine ndikuona. Akanakhala mng'ono wanga ndikananyamula makinawo n'kupita nawo. Koma awa anali akazi a achimwene anga, akulu kwa ine, ndipo makinawo anali chinthu chomwe malemu anachigwira tsiku ndi tsiku. Munthu sungalowe m'nyumba ya mayi wamasiye n'kutulutsamo katundu wa mwamuna wake.

Loweruka lotsatira masana ndinapita ndi ndiwo zamasamba zija amati sukuma, ndi kapepala ka omena, tinsomba tija tonga usipa, ta mphaka yemweyo amene ndinkati sindimufuna. Ndisanafike pakhomo fungo linandilandira. Mazira owola. Kenako ndinamva drrrr. Kwa kanthawi ndinaona ngati ndikalowa ndikapeza achimwene atakhala pampando wawo. Ndinakankha chitseko osagogoda.

Pansi panali katoni ya sopo, itakutidwa ndi chitenje. Kapaipi ka makina kanalowa pa kabowo m'mbali. Alamu anali atagwada, manja onse awiri atapanikiza pamwamba pa katoniyo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mkati munkamveka phokoso, zikhadabo zikukanda, katoni ikugwedezeka. Kenako phokoso linachepa.

"Mwaona," anatero mokondwa, "wayamba kumva bwino. A Vitus nawonso poyamba ankadana nawo."

"Zimitsani, alamu."

"Atsala pang'ono kutha. Mankhwala sasiyidwa m'kachikho."

"Ndati zimitsani!"

Sanasunthe. Ine ulemu unandithera pomwepo. Ndinazula waya kukhoma, kuwakankhira pambali akazi a achimwene anga, n'kung'amba katoniyo. Nkhungu yonunkha inatuluka. Boneti anali atagona chammbali, kukamwa yasa, lilime litada bii, mimba ikukoka mwamphamvu ngati ikufuna kung'ambika. Kakhweru kaja kanalibe. Ine sindinaphunzire za chipatala, koma ndinadziwa kuti khweru likasiya pamene chifuwa chikukokabe ndiye kuti mpweya sukudutsa n'komwe. Alamu anadziwa kuposa ine. Nkhope yawo inasintha, ndipo mawu okha amene anatuluka anali akuti, "Mayo, a Vitus."

Tinathamanga. Mayi wamkulu ngati uja, wopanda nsapato, mphaka atamufungatira m'chitenje, kudutsa pakati pa ogulitsa makala ndi chimanga chootcha, ana akukuwa Mama Paka, Mama Paka. Pamsewu kondakitala wa matatu ataona chomwe tanyamula anatambasula dzanja. "Paka? Hapana!" anatero, kukana kuti mphaka akwere. Zomwe ndinamuuza sindingazibwereze pano. Ndinayamba m'Chiswahili, chitandithera ndinapitiriza m'Chichewa, ndipo anamva zonse. Tinakwera. Njira yonse alamu ankauzira mpweya kumphuno kwa mphaka n'kumanena kuti pepa, pepa, pepa mwanawe.

Mwamwayi dokotala Gathoni ankakhala kuseri kwa chipatala chake chomwecho, ndipo tinamupeza akutsuka makola. Sanafunse kanthu. Anamulanda Boneti, kumubaya jakisoni, kenako ina, n'kumuika m'kabokosi kagalasi kolumikizidwa ku silinda ya mpweya. Tinaima pamenepo tikuyang'ana mimba ija ikukoka. Ine ndinali nditakwiya moti sindinkafuna n'komwe kuyang'ana alamu. Patapita nthawi kakhweru kanabwerera, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakondwera kumva mphaka akulira m'chifuwa. Lilime linayamba kufiira. Anatseka pakamwa.

Apo m'pamene dokotala ananunkhiza chitenje chija n'kutiyang'ana. Alamu anatulutsa kabotolo m'thumba la diresi, n'kupereka ndi manja awiri. Dokotala anawerenga zolembedwapo.

"Anathandiza amuna anga zaka zambiri," anatero alamu. Mawu anali otsika, koma makani anali adakalimo. "Ndinaona ndi maso angawa."

"Amuna anu anali ndi mphumu?"

"Ayi. Anali ndi makhololo olimba."

Dokotala sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anati mankhwalawo ndi abwino, amasungunuladi makhololo, ndipo kwa munthu ngati malemu anali oyenera chifukwa njira zawo za mpweya zinali zotakasuka, zongodzaza. Koma nkhungu yake imayabwa mkati. Ngakhale munthu wamkulu wa mphumu akaipuma chifuwa chikhoza kumumanga, n'chifukwa chake madokotala amasamala nayo. Nanji mphaka, amene timapaipi take n'topyapyala ngati udzu, totupa kale, tongodikira chotikhudza kuti tifinyike. Makhololo anasungunukadi, anatero, koma njira yoti atulukire inatsekeka, ndiye anangodzaza momwemo. Kenako anafunsa ngati mphakayo ankakhala pafupi malemu akamapuma mankhwalawo.

Alamu anatembenukira ku kabokosi kagalasi kaja.

"Ankamutulutsa," anatero. Anakhala pa benchi pang'onopang'ono. "Tsiku loyamba lenileni anali pamiyendo pawo. Anatsokomola, n'kukabisala pansi pa mpando. Kuyambira pamenepo ankamuika pakhonde." Anandiyang'ana. "Ndipo ine n'kumawanena kuti ndi ankhanza, a Flossie. Zaka zonse zija."

Mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinkafuna kuwakalipira, ndinkafuna kukalipira achimwene ali m'manda chifukwa chosatsekula pakamwa n'kunena chinthu chaching'ono ngati chimenecho, koma ndinangokhala nawo pa benchipo.

Boneti anapulumuka. Dokotala anati akhale kaye milungu ingapo m'nyumba yopanda utsi, ndipo nyumba yopanda utsi inali ya ndani? Ya ine, Flossie, amene ndinalumbira kuti mphaka sadzaponda pakhomo panga. Usiku woyamba anagona pansi pa bedi, wachiwiri pa mpando, pofika sabata anali pa pilo wanga, ubweya paliponse mpaka mu shuga. Ndinaphunzira kuphwanya piritsi n'kulisakaniza ndi omena. Ndinasiya kudzithira pafyumu m'nyumba, ndinkakathira pa masitepe ngati wakuba. Anzanga a ku ofesi ankandifunsa kuti mwana ali bwanji, ndipo ndinkawadulira foni.

Ku Kangemi alamu anagwira ntchito yomwe ine ndinalephera kuwachititsa ndi pakamwa panga. Mbaula inatuluka panja, ndipo ankaphikira pamphepo anthu akuona. Koyilo anasiya, anasoka neti. Simbi yamakala ankasitira pakhonde. Anachapa makatani, mabulangete, kukolopa makoma, kutsekula mawindo amene sanatsekulidwepo chisamukireni. Ndipo tsiku lina anakwera matatu okha kupita ku Kabete ndi timabotolo tonse totsala ta malemu, n'kukapereka kwa dokotala kuti awataye. A Lenah, kutaya mankhwala! Atandiuza ndinachita kuwafunsa kawiri.

Zonse zitakonzeka anabwera kudzamutenga. Anavala diresi lawo labwino, kiondo chili m'manja, atayalamo kansalu katsopano. Boneti anali pawindo akuwothera dzuwa. Anangomva mawu awo pa masitepe akuti "Odi kuno," iye zii, pansi pa bedi. Alamu anagwada, kumuitana ndi mawu aja ankamuitanira zaka zonse, kutambasula dzanja. Mphaka anafufuma, kuonetsa mano, kudzipanikiza kukhoma. Atayesa kumukoka, ndinamva kakhweru kaja kakuyamba.

Tinayesa tsiku lina. Ndinayesa kumunyamula ine, kumuika pamiyendo pawo, anandikanda n'kuthawa. Ndinawauza kuti asambe ndi sopo wanga, avale chitenje changa, abwere ndi omena m'manja. Zonse tinachita. Boneti ankangoona manja aja, manja amene anapanikiza katoni, basi mimba n'kuyamba kukoka. Dokotala anati mantha okha akhoza kumumanga chifuwa mphaka wa mphumu, ndipo kumukakamiza n'kuika moyo wake pangozi. Ine ndinakwiyira mphakayo. Chinyama chosayamika! Munthu anakulera, anakusiyira bedi, ananyozedwa kutchalitchi chifukwa cha iwe, walakwa kamodzi kokha, kulakwa kwake kofuna kukuchiritsa, ndiye uzimuona ngati mdani? Ndinamuuza zonsezi pamaso, iye akunyambita dzanja.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi alamu. Ulendo womaliza atamva khweru lija anabweza dzanja, kudzuka, n'kupinda kansalu katsopano kaja.

"Musiyeni, a Flossie. Kuno akupuma."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankabwera ku fulati kwanga. Ankalowa mwakachetechete, osanena odi, n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko, manja atawabisa pansi pa chitenje. Ankayankhula monong'ona. Akakhala chete nthawi yaitali, Boneti ankatuluka, kukhala kutali pakhomo la kuchipinda, n'kumawayang'ana. Iwo ankamuyang'ana cham'mbali, kuwerenga mpweya wake ndi maso a unamwino, n'kundinong'oneza kuti wanenepa, kapena kuti ndisamamupatse mkaka wambiri. Pafupi kuposa pamenepo sanafikepo.

Amalawi anapitiriza kupita kwa a Lenah ndi ana awo otentha thupi, ndipo chitini cha mabisiketi chinalipobe, kungoti tsopano ankayamba afunsa kuti adokotala anati chiyani. Makina opumira anawakulunga m'nsalu n'kuwaika pansi pa bedi.

Julaye wina, patapita zaka zingapo, ndinapita ku Kangemi kuzizira kuli koopsa, kamvula kakuwaza. Ndinawapeza akusoka atavala majuzi awiri ndi mpango kumutu, zala zitauma moti ankalephera kulowetsa ulusi pa singano. Mawindo onse anali otsekula. Mbaula inali panja pakhonde, ikunyowa. Pakona, pomwe panali poyera bwino, panali mbale ya Boneti yotsukidwa, ndi kansalu kaja katayalidwa pampando.

Ndinapsa mtima mpaka misozi. Ndinati, "Alamu, mukudzizunziranji? Lowetsani mbaula, tsekani mawindo, mudwala chibayo! Mphaka uja sabweranso kuno, inunso mukudziwa!"

Anandimwetulira, kugwedeza mutu, n'kunyowetsa ulusi ndi malovu.

"Mwanenadi zoona, a Flossie," anatero.